Macheza a pa Boda ya Mchinji

Kuno ku boda ya Mchinji nkhani sizisowa, koma ukazimvetsera bwino umapeza kuti zimazungulira pa zinthu zochepa: ndale, mafuta ndi magetsi, matenda, mpira. Uzipeza pa chiwaya anyamata akudikira tchipisi, pa bawo pansi pa mtengo wa mango, pa siteji ya kabaza, ngakhale pa maliro usiku makwaya akapumira. Palibe woitanitsa msonkhano ndipo palibe wapampando. Wina amangoponya mawu kuti, "Akuluakulu, mwamva za petulo?" ndipo dzuwa lisanapendeke anthu aweruza kale nduna, atsutsana za katemera, n'kukathera pa chigoli cha Gabadinho. Anthu ena ophunzira amawanyoza macheza oterewa, amati ndi nkhambakamwa za anthu osowa chochita. Ine ndimawalemekeza, ngakhale pali pena pamene amandipweteka mtima.

Chimene chimawapatsa mphamvu macheza a kuno ndi malo amene tikukhalawa. Kuchokera pa boma la Mchinji kufika pa geti ndi makilomita 12 okha. Ukangodutsa wafika pa Mwami, ndipo tauni ya Chipata ili pafupi ndi ife kuposa Lilongwe, kumene kuli mtunda wopitirira makilomita 100. Anthu a mbali ino ndi a mbali inayo ndi amodzi. Achewa a kuno amapita ku Mkaika, ku Katete, mwezi wa Ogasiti kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amawoloka mu Febuluwale kukavina ku Nc'wala, ku Mtenguleni, pamaso pa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Atsamunda adatcha kuno Fort Manning, uko n'kukutcha Fort Jameson, koma maukwati, maliro ndi minda sizidasiye kulumikiza mabanja. Mvula imene imagwa pa Kachebere imanyowetsa mayiko onse awiri nthawi imodzi. Timalima chimanga, mtedza, soya ndi fodya mofanana, ndipo ndalama zathu tonse timazitcha kwacha.

Ndiye chinthu chikasiyana pakati pa mbali ziwirizi, munthu wa kuno sanganamizidwe kuti ndi tsoka kapena nyengo. Amadziwa kuti pali wina amene adakhala mu ofesi n'kusankha. Munthu wa ku Ntchisi kapena ku Phalombe akauzidwa kuti vuto lakutilakuti lili pa dziko lonse lapansi amavomera, chifukwa alibe poonera. Wa pa boda amangofunsa mlamu wake wa ku Chipata, kapena dalaivala wa thiraki amene wangofika kumene, ndipo madzulo ake nkhaniyo yafika kale pa bawo.

Nkhani ya mafuta ndiyo imaonetsa zimenezi poyera. Amene adali ndi galimoto kapena chigayo mu 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012 sadzaiwala. Malo omwetsera mafuta adauma m'dziko lonse, anthu ankagona pa mizere, ndipo pa msewu wa M12 pankadutsa anthu ochokera ku Lilongwe atanyamula zigubu, ulendo wa ku Chipata. Pa 20 Julayi 2011 anthu adakhamukira m'misewu ya m'mizinda, kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuli pakati pa madandaulo awo, ndipo anthu pafupifupi 20 adaphedwa. Ife kuno tinkaona ndi maso kuti petulo sadathe pa dziko. Adalipo kuseri kwa geti, pa pampu, wogula n'kumapita.

Akuluakulu akafika pa nkhani imeneyi salephera kukumbutsa za a Michael Sata. Mu 2007, akadali mtsogoleri wa chipani chotsutsa ku Zambia, a Sata adatera pa Chileka kudzaona a Bakili Muluzi. Boma la a Bingu wa Mutharika lidawakaniza kulowa, lidawakweza galimoto n'kudzawatula pa boda yathu ino. Mu 2011 munthu yemweyo adakhala pulezidenti wa dziko lake. A Bingu atamwalira mu Epulo 2012, dziko lilibe ndi dontho lomwe, boma la a Sata lidapereka malita 5 miliyoni a mafuta kuti mwambo wa maliro uyende. Ena amaikamba nkhaniyi pofuna kuseka atsogoleri. Ine ndikaimva ndimaganiza za mmene mkwiyo wa anthu awiri akuluakulu ungasokonezere ubale wa anthu mamiliyoni, ndiponso mmene mwambo wathu wa maliro udakonzera zimene ndale zidawononga.

Patapita zaka khumi ndi zina, zigubu zidatembenuka. Mu Novembala 2023 kwacha yathu idagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo bungwe la MERA lidaika mtengo wa petulo pa K2,530 lita imodzi. Mtengowo udakhala pomwepo pafupifupi zaka ziwiri, pamene dola ya pa msewu inkathamanga kusiya ya ku banki kutali. Kwa munthu wosintha ndalama ya ku Zambia pa reti ya anyamata a pa boda, mafuta athu adasanduka otchipa, ndipo ena adayamba kutulukira njira zamadulira usiku, uku ife tikugonanso pa mizere. Wosadziwa angaganize kuti vuto lonse ndi ozembetsawo. Koma anthu a kuno amadziwa kuti wozembetsa amangotsata kumene kuli phindu, ndipo phindulo limabadwa pa kusiyana kwa mitengo iwiri imene maboma awiri aika.

Madalaivala a mathanki amafotokoza bwino kuposa akatswiri a pa wailesi. Dziko lathu lilibe doko. Mafuta amachokera ku Dar es Salaam, ku Beira ndi ku Nacala, ambiri pa msewu, ndipo ogulitsa amafuna madola. Madola athu ambiri amachokera ku fodya, amene amagulitsidwa miyezi yochepa pa chaka. Anzathu a ku Zambia nawonso alibe doko, koma ali ndi mkuwa umene umagulitsidwa chaka chonse, komanso paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene idamangidwa mu 1968. Mu Disembala 2021 boma lawo lidachotsa ndalama zimene linkaikapo pofuna kutchipitsa mafuta, ndipo bungwe lawo la ERB lidayamba kumaunika mitengo mwezi ndi mwezi. Anthu a ku Chipata adalira nazo, ndipo amaliradi mpaka lero, koma mizere ngati yathu siidali ya masiku onse kwa iwo.

Apa ndi pamene mtsutso umatentha. Mnyamata wa njinga yamoto amati, "Achimwene, bola akweze koma ndizimwetsa pa pampu. Lita ya m'botolo ndi imene ikundimaliza." Mayi wogulitsa mandasi amayankha kuti, "Mwanawe, ine njinga ndilibe, koma mafuta akakwera mchere ndi sopo zimandikwerera." Onse awiri akunena zoona, ndipo palibe wa iwo amene amalankhula zongomva. Ine ndimapendekera kwa mnyamatayo, chifukwa mtengo wolembedwa pa chikwangwani pamene pampu ili youma suthandiza wosauka. Umathandiza amene ali ndi mnzake pa filingi siteshoni ndi amene ali ndi zigubu zambiri. Mayiyo amaulipirabe mtengo wa pa bulaki, kungoti umamufika utabisala mu mtengo wa ufa wa tirigu ndi wa minibasi. Koma sindingamuuze kuti adekhe, popeza ndalama imene amapeza sikwera limodzi ndi petulo. Mu Okutobala 2025 mtengo udakwezedwadi kufika pa K3,499, ndipo awiriwa akupitirizabe mtsutso wawo.

Pali usiku umodzi umene nkhani zathu zonsezi zidakumana pamodzi. Pa 25 Januwale 2022 Flames inkasewera ndi Morocco ku Yaoundé, koyamba m'mbiri yathu kudutsa ndime ya magulu mu mpikisano wa AFCON. Timuyi idayamba mpikisanowo ili yoperewera, chifukwa osewera angapo pamodzi ndi mphunzitsi Mario Marinica adapezeka ndi Covid-19, ndipo masewera oyambirira adawatsogolera ndi Meke Mwase. Adagonja kwa Guinea, adagonjetsa Zimbabwe 2-1, n'kulepherana ndi Senegal osagoletsana. Tsiku la Morocco lisanafike, namondwe Ana adagwa kum'mwera, madzi a mu Shire adagumula damu la Kapichira, ndipo madera ambiri a dziko adalowa mu mdima. Anthu adasakasaka kumene kuli jenereta kapena sola. Ine ndidaonera m'kanyumba ka vidiyo sho, tili thithithi, jenereta ikulira kuseri, masiki ataiwalika m'matumba. Pa mphindi ya 7 Gabadinho Mhango adaumenya ali kutali kwambiri, mpira n'kudutsa pamwamba pa goloboyi Yassine Bounou. Phokoso lake lidamveka ngakhale m'midzi imene anthu ankangomvera pa wailesi ya mabatire. Morocco idabweza kudzera mwa Youssef En-Nesyri, kenako Achraf Hakimi adatimaliza ndi firikiki. Tidatuluka panja kuli bii, koma anthu sadathamangire kukagona. Adayima pa msewu n'kuyamba kufunsana kuti zimatheka bwanji dziko lonse kuthima chifukwa cha mvula yagwa ku Chikwawa.

Funsolo lidali lanzeru. Kapichira yekha ankapereka mamegawati pafupifupi 130, gawo lalikulu la magetsi a Egenco, ndipo padatenga chaka ndi miyezi kuti akonzedwe. Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa mtsinje umodzi. Chaka chonse cha 2022 owotcherera zitsulo, ometa ndi a zigayo za magetsi ankagwira ntchito usiku kapena osagwira n'komwe, ndipo ambiri kuno tinkasirira anzathu a ku Chipata. Kenako chilala cha 2024 chidafika. Madzi a ku Kariba adaphwa, pulezidenti wa Zambia a Hakainde Hichilema adalengeza kuti dziko lawo lili pa ngozi, ndipo miyezi ina anthu a ku Zambia ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Akuluakulu pa bawo adangoti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife madzi adatichulukira, iwo adawachepera, koma cholakwika chidali chimodzi: kuika chiyembekezo chonse pa mitsinje, dzuwa likungotiwotcha chaka chonse. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, amene adayamba kugwira ntchito mu 2021, adaonetsa kuti n'zotheka. Anthu wamba adaziona kale zimenezi boma lisanadzuke, n'chifukwa chake pa madenga a udzu m'midzi mumaona timapanelo tating'ono totchajira foni ndi kuyatsira babu limodzi.

Komabe amuna tikamakangana za Escom ndi Zesco timaiwala kuti m'nyumba zambiri za m'boma lino waya wa magetsi sadafikemo. Kwa amayi ambiri, mtengo umene umawasowetsa tulo ndi wa thumba la makala ndi mtolo wa nkhuni. Ngakhale m'tauni, magetsi akathima kapena mayunitsi akadula, aliyense amabwerera ku mbaula. Mapiri a Mchinji, kumene mtsinje wa Bua umayambira, akuyera tikuona. Wootcha makala timamutukwana masana, madzulo n'kukagula kwa iye. Nkhani imeneyi imakambidwa pa chitsime ndi pa chigayo, ndipo kawirikawiri sifika pa bawo, chifukwa ophika sakhala pa bawo. Ndikanakonda ikanamveka mokweza ngati ya petulo, popeza imakhudza anthu ochuluka kuposa amene ali ndi injini.

Pa nkhani ya mliri wa Covid-19 ndi pamene macheza athu adatilakwitsa, ndipo sindingabise. Boma lidalengeza za ngozi pa 20 Malichi 2020, sukulu zidatsekedwa, ndipo odwala oyamba adapezeka pa 2 Epulo. Kuyenda kwa anthu wamba pa boda kudachepetsedwa kwambiri, mathiraki a katundu okha ndiwo ankadutsa, madalaivala akuyezedwa ndi kuopedwa ngati ndiwo abweretsa imfa. Amayi amene ankadalira kukaoda katundu ku Chipata mpamba wawo udatha. Boma litafuna kutsekera anthu m'nyumba kwa masiku 21, bungwe la HRDC lidapita ku khoti, ndipo pa 17 Epulo Jaji Kenyatta Nyirenda adaimitsa ganizolo. Kuno anthu adaombera m'manja, ndipo ndimawamvetsa. Munthu amene amadya zimene wapeza tsiku lomwelo sungamuuze kuti akhale m'nyumba milungu itatu wopanda kumupatsa ufa.

Chidatsatira n'chimene chidaononga. Pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni 2020, zipani zonse zidasonkhanitsa anthu miyandamiyanda m'mabwalo, andale omwewo akutiuza pa wailesi kuti tizikhala motalikirana. Munthu wa pa siteji ya kabaza adaona zimenezo n'kunena kuti, "Akulu, matendawa ndi a ndale, kapena ndi a okwera ndege." Mawuwo adafalikira, ndipo ambiri adawakhulupirira. Mu Januwale 2021 zinthu zidasintha. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Zipatala zidasowa mpweya wothandizira kupuma, ndipo bwalo la masewera la Bingu ku Lilongwe lidasanduka malo ogonekamo odwala. Aphunzitsi, abusa, ansembe ndi makolo athu adapita mwezi umenewo, ena kuikidwa mofulumira, achibale a mbali inayo ya malire osatha kufika kudzalira. Kwa ife amene maliro ndi chinthu chimene chimatimanga pamodzi, bala limenelo silidapole.

Anthu atangoyamba kuchita mantha ndi kumvera, kudatuluka nkhani ya K6.2 biliyoni ya ndalama za Covid-19 zimene kafukufuku wa boma lomwelo adapeza kuti zina zidathera m'maalawansi ndi m'zogula zokayikitsa. Nduna ya zantchito idachotsedwa pa nkhani yomweyo. Katemera wa AstraZeneca adafika mu Malichi 2021 anthu atataya kale chikhulupiriro. Mphekesera zidayenda pa WhatsApp ndi pakamwa, zina zochokera mbali ino, zina mbali inayo, zoti katemerayo aletsa kubereka kapena apha anthu pakatha zaka ziwiri. Mu Meyi chaka chomwecho boma lidawotcha poyera katemera 19,610 amene adatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Pa nkhani ya mafuta, kuyerekeza ndi kwa anzathu kumatithandiza chifukwa mtengo umaoneka ndi maso. Pa nkhani ya kachilombo, mlamu wa ku Chipata sankadziwa zambiri kuposa ife, ndipo bodza likamveka mbali zonse ziwiri linkaoneka ngati latsimikizika. Sindikuti anthu adali opusa. Adaona atsogoleri akulankhula china n'kuchita china, ndipo adagamula monga aliyense angagamulire. Koma amene adalipira ndi agogo a shuga ndi a BP amene adakana kubayitsa chifukwa cha mawu a mdzukulu wawo. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene ankayenda pa njinga atanyamula kabokosi ka katemera n'kumanyozedwa m'makomo, sitidawathokoze mokwanira.

Kolera itabwera mu 2022 ndi 2023 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, palibe adati ndi matenda a okwera ndege. Kumayambiriro kwa 2024 idasautsanso Lusaka, mpaka bwalo la National Heroes lidasanduka chipatala. Pamenepo macheza adabwerera pa zinthu zooneka: mjigo wowonongeka, msika wopanda chimbudzi, ndi funso loti ndalama za chitukuko cha m'dera zidapita kuti.

Pa ndale, malirewa akhala sukulu yathu kuyambira kale. Achikulire amakamba kuti m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene kutchula dzina la Kamuzu mosasamala kunkatha kukutayitsa, anthu ankatsegula wailesi ya ku Zambia motsitsa mawu. Mu 1991 adamva kuti a Kenneth Kaunda, amene bambo awo adachokera ku Nyasaland konkuno, agonja kwa a Frederick Chiluba ndipo achoka mwamtendere. Chaka chotsatira maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yawo, a Chakufwa Chihana adabwera kuchokera ku Lusaka n'kumangidwa pa bwalo la ndege, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri. Mu 2020 zidatembenuka. Khoti lathu litafafaniza chisankho cha 2019 pa 3 Febuluwale, anzathu a ku Chipata ndiwo ankatifunsa kuti majaji otere tidawatenga kuti. Mu Ogasiti 2021 iwonso adachotsa a Edgar Lungu pa mavoti osiyana pafupifupi miliyoni imodzi. Ku Zambia pulezidenti wolamula wagonja pa chisankho mu 1991, 2011 ndi 2021. Kwathu zachitika mu 1994, 2014, 2020, ndiponso mu Seputembala 2025 pamene a Lazarus Chakwera adavomera kugonja kwa a Peter Mutharika. Mu Afrika muno mayiko otero ndi owerengeka. Mavoti amenewo sapangidwa tsiku la chisankho. Amapangidwa pang'onopang'ono pa mizere ya mafuta, pa depoti ya feteleza, pa chiwaya ndi pa bawo, m'macheza omwewa amene ena amawayesa opanda pake.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti nthawi ya kampeni ikafika, nzeru zonse zija timazipinda n'kuziika pansi pa mphasa. Munthu yemwe dzulo amawerengera bwinobwino kusiyana kwa mtengo wa ufa pa Mwami ndi pa Kamwendo, lero akuti, "Uyu ndi wathu, wa chigawo chathu," kapena, "Banja lathu ndi la chipani chimenechi kuyambira agogo." Ndipo kuyerekeza ndi kwa anzathu kumasanduka chida cha aliyense. Wa chipani cholamula amati, "Ku Zambia nakonso zinthu zakwera," wotsutsa amati, "Taonani kwacha ya anzathu ili ndi mphamvu," aliyense akutola chimene chikumukomera n'kusiya chinacho.

Chodabwitsa n'chakuti pa mpira anthu omwewa amaweruza mwachilungamo kwambiri. Pa 12 Febuluwale 2012, ife tili pakati pa mavuto a mafuta aja, Chipolopolo idagonjetsa Côte d'Ivoire ya Didier Drogba pa mapenote 8-7 ku Libreville, mzinda umene ndege idagwa pafupi nawo mu Epulo 1993 n'kupha timu ya dziko la Zambia. Stoppila Sunzu atagoletsa penote yomaliza, mbali ino ya geti kudali chisangalalo chenicheni, ndipo palibe adafunsa chiphaso cha mnzake. Mu Okutobala 2023 zidali za ife ndi iwo maso ndi maso, Scorchers ndi Copper Queens mu ndime yomaliza ya COSAFA ya amayi ku South Africa, ndipo atsikana athu adapambana 2-1. Alamu adanyozana masiku angapo, kenako adavomerezana kuti timu yabwino ndiyo idatenga chikho. Mu 2024 Temwa Chawinga adagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America akusewerera Kansas City Current n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, pamene Barbra Banda adatenga chikho cha ligi yomweyo ndi Orlando Pride. Pa siteji ya kabaza amakangana kuti woposa mnzake ndani, ndipo pa mtsutso umenewo aliyense amabwera ndi umboni: zigoli zingati, pa masewera angati, motsutsana ndi yani.

Temwa ndi mkulu wake Tabitha kwawo ndi ku Rumphi. Sindidamvepo munthu wa ku Mchinji akunena kuti sawachemerera chifukwa ndi a kumpoto. Gabadinho akaphonya chigoli cha poyera, ngakhale womukonda kwambiri amavomera kuti waphonya. Mphunzitsi timu ikamagonja motsatizana, a Maule ndi a Manoma omwe amafuula kuti achoke, ngakhale adawapatsa chikho chaka chatha. Nzeru yoweruza munthu pa ntchito yake tili nayo, ndipo timaigwiritsa ntchito Loweruka lililonse. Phungu amene watha zaka zisanu mlatho osamanga timamukhululukira chifukwa adagula bokosi pa maliro ndipo ndi mwana wa kuno. Zimenezi zimandiwawa chifukwa ndikudziwa kuti anthu athu si osazindikira.

Pali nkhani imodzi imene siimveka kawirikawiri m'macheza athu, chonsecho ili pakhomo penipeni. Mu Disembala 2022 a Chakwera ndi a Hichilema adabwera kudzatsegula nyumba zatsopano za boda ya Mchinji ndi Mwami, zimene zidamangidwa kuti wodutsa azionetsa mapepala ake malo amodzi m'malo mwa awiri. Madalaivala amaiyamikira, ndipo amayi a geni amafuna kuti nawonso iziwapepukira monga imapepukira makampani akuluakulu. Koma pafupi ndi msewu womwewo padutsa njanji. Idafika pa Mchinji kalekale, ndipo mu 2010 idalumikizidwa mpaka ku Chipata ndi lonjezo lakuti katundu wa mayiko awiriwa aziyenda pa sitima kupita ndi kuchokera ku doko la Nacala. Ana ambiri a kuno akula osazolowera kulira kwa sitima. Anthu amayenda pansi m'njanjimo pothawa fumbi la mumsewu, mbuzi zikudya udzu umene wamera pakati pa zitsulo. Sitima imodzi imanyamula mafuta a mathanki ambirimbiri a pa msewu, pa mtengo wotsika, ndipo mu 2024 sitima ya mafuta yochokera ku Nacala idafika ku Lilongwe patatha zaka zoposa 20 izi zisakuchitika. Kuchokera ku Lilongwe kufika kuno ndi njanji yomweyo. Ikanamayenda mokhazikika, mtedza ndi soya wa ku Mkanda ndi ku Kapiri bwenzi ukupita ku doko mosadula, feteleza akubwera njira yomweyo, ndipo mayi wa mandasi ndi mnyamata wa njinga yamoto bwenzi onse awiri akupepukidwa pa mtsutso wawo uja. Aphungu athu ndi a ku Chipata akamabwera kudzapempha mavoti, ndikufuna wina pa bawo adzawafunse za njanjiyi, adzawafunsenso tsiku limene sitima idzayambe kuyenda ndi amene adzalipire kukonza kwake.